Winga wokondedwa ndi mpira wankhanza wakale: chifukwa chake timazikumbukira pamodzi

Ochemerera mpira amene mitu yayamba kuchita imvi akakhala pansi n'kuyamba kukumbutsana zakale, nkhani yawo siyambira kwa goloboyi kapena kwa mphunzitsi, ndipo kawirikawiri siyambiranso kwa amene ankamwetsa zigoli zambiri. Imayambira m'mbali mwa bwalo, kwa mnyamata wina wochepa thupi amene ankavala jezi ya nambala 7 kapena 11, yemwe akangolandira mpira anthu onse a mbali imeneyo ankadzuka pamene anakhala. Pasanathe nthawi nkhaniyo imakhota yokha n'kufika pa masewero ankhanza, pa tsiku limene difenda wina anamutchetcha miyendo woyimbira akupenya, iye n'kudzuka, kusasa matope, n'kupemphanso mpira. Ambiri amaona ngati izi ndi nkhani ziwiri zimene zimangokumana pakamwa pa anthu okalamba, koma ndi nkhani imodzi, ndipo gwero lake lili m'malamulo a masewerowa, m'kaimidwe ka osewera pabwalo, komanso m'mene mutu wa munthu umasungira zinthu.

Poyamba, winga anali ndani? Kwa zaka zambiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, matimu ankaika osewera awiri kumbuyo, atatu pakati ndi asanu kutsogolo, ndipo pa asanuwo, awiri a kumapeto ankakhala pamzere weniweni wa m'mbali. Manambala atakhazikitsidwa pa majezi mu ligi ya ku England mu 1939, wa kudzanja lamanja anatenga 7, wa kumanzere anatenga 11, ndipo n'chifukwa chake manambala awiriwa ali ndi ulemu wake mpaka lero. Ntchito ya winga inali imodzi yokha ndipo aliyense ankaidziwa: kulandira mpira, kuyang'anizana ndi difenda wa mbali yake, kumudyetsa njomba kapena kumusiya ndi liwiro, kufika kumzere wa kumapeto n'kuponya mpira pamutu pa mnzake wa pakati. Sankayembekezeredwa kubwerera kukathandiza kumbuyo. Mpira ukakhala mbali ina, iye ankatha kuima manja ali m'chiuno kwa mphindi zingapo, palibe womudzudzula.

Apa ndi pamene pali chinsinsi choyamba cha chikondi cha ochemerera. Zochitika pakati pa bwalo zimaoneka patali ndipo zimakhala za anthu ambiri nthawi imodzi, koma winga ankagwira ntchito yake pamaso penipeni pa anthu, pamtunda woti munthu wokhala kutsogolo ankamva kupuma kwake, kulira kwa jombo zikagundana ndi mawu amene awiriwo ankalankhulana. Komanso inali nkhondo ya anthu awiri okha, imene ngakhale mwana wobwera koyamba kubwalo ankaimvetsa popanda womufotokozera. Wina akufuna kudutsa, wina akufuna kumuletsa, ndipo amene wagonja alibe pobisala. Difenda akadyetsedwa njomba n'kugwa chagada, anthu masauzande ankamuseka, ndipo munthu wamkulu amene wasekedwa chotero katatu konse amayamba kufuna njira ina. Njira imeneyo malamulo a nthawiyo anali ataisiya yotsegula.

Malamulo ankaletsa ndithu kumenya mateche ndi kupinga mnzako kuyambira kale, koma chilango chake chinali chopepuka ndipo chinkadalira kwambiri mtima wa woyimbira. Kulowa wosewera chakumbuyo kunkaloledwa malinga ngati phazi lakhudza mpira, ngakhale litatenga ndi akakolo omwe. Panalinso chizolowezi chosalembedwa chakuti kutchetcha koyamba sikulangidwa, choncho madifenda ankagwiritsa ntchito mphindi zoyambirira podziwitsa winga kuti lero wakumana ndi ndani. Makhadi kunalibe. Woyimbira ankachenjeza ndi pakamwa n'kulemba dzina m'kabuku, ndipo nthawi zina ngakhale wosewera mwini ankadzamva mawa lake kuti anachenjezedwa. Zotchingira miyendo nazonso sizinali zokakamiza kufikira 1990, kotero mawinga ambiri ankasewera masokosi atagwera m'mapazi, msongolo uli pamtunda.

Koma lamulo limene linkapereka mphamvu zenizeni kwa wochita nkhanza linali losaloleza kusintha osewera. Ligi ya ku England inalola wosewera mmodzi wolowa m'malo mwa wovulala mu 1965, ndipo Chikho cha Dziko Lonse chinayamba kulola zimenezi mu 1970. Zisanafike zaka zimenezo, kuvulaza katswiri wa timu ina kunali ndi phindu looneka ndi maso, chifukwa timuyo inkatsala ndi anthu khumi, kapena khumi ndi wina wotsimphina. Pelé anakumana nazo mu 1966 ku Goodison Park, pamene João Morais wa Portugal anamutchetcha kawiri motsatizana osachotsedwa m'bwalo, ndipo Pelé anamaliza masewerowo akukoka mwendo. Chodabwitsa n'chakuti malo amene ankakankhirako wovulala kuti angodzaza chiwerengero anali pa winga pomwepo, moti mzere wa m'mbali unali bwalo la akatswiri komanso chipatala nthawi imodzi.

Masewero amene amaonetsa bwino zonsezi ndi fainolo ya FA Cup ya 1970 pakati pa Leeds United ndi Chelsea, ndipo ndi oyenera kuwayang'ana mofatsa. Pa 11 April ku Wembley, pabwalo loipa lodzaza mchenga ndi matope, winga wa kumanzere wa Leeds, Eddie Gray, anazunza David Webb, difenda wa kumanja wa Chelsea, kwa maola awiri athunthu. Ankamupitira mkati, kenako kunja, kumuimitsa, kumudikira kuti adzuke n'kumudutsanso, mpaka Webb ankaoneka ngati munthu woponda pamoto. Masewero anatha 2-2, Gray anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse, ndipo matimuwa anayenera kukumananso pa 29 April ku Old Trafford. Mphunzitsi wa Chelsea, Dave Sexton, sanafune kuonanso zimene anaona. Anachotsa Webb m'mbali n'kumuika pakati, ndipo pamalo pake anaikapo kaputeni Ron Harris, munthu amene dzina lake lomutchulira linkanena za kudula ndi nkhwangwa. Chigawo choyamba chisanathe Harris anapeza Gray n'kumumenya teche pabondo, ndipo kuyambira pamenepo Gray anali m'bwalo ndi thupi lokha.

Zimene zinatsatira n'zimene ochemerera amasimba akuseka koma akupukusa mitu. Osewera ankasinthana zibakera, mawondo ndi mitu, ndipo Eddie McCreadie wa Chelsea anadumpha n'kumenya Billy Bremner wa Leeds ndi jombo kumutu m'dera la penate, woyimbira Eric Jennings n'kukupiza manja kuti masewero apitirire. Usiku wonsewo analemba m'kabuku dzina limodzi lokha, la Ian Hutchinson. Chelsea inapambana 2-1 m'nthawi yowonjezera, ndipo amene anamwetsa chigoli chopambanira anali David Webb yemwe uja anasekedwa ku Wembley. Anthu oposa 28 miliyoni anaonera pa wailesi yakanema. Mu 1997 woyimbira David Elleray anaonera kanema wa masewerowa ndi malamulo a nthawi yake ndipo anapeza kuti akanatulutsa makhadi ofiira 6 ndi achikasu 20, pamene Michael Oliver atachita chimodzimodzi mu 2020 anawerenga ofiira 11. Masewero ndi omwewo, kanema ndi yemweyo, chimene chinasuntha ndi malire a chololedwa, ndipo anasunthanso pakati pa 1997 ndi 2020.

Sikuti zinali za ku England kokha. Pa 2 June 1962, pa Chikho cha Dziko Lonse, Chile ndi Italy zinasewera ku Santiago masewero amene apolisi analowa m'bwalo kangapo, koyamba kuti akatulutse Giorgio Ferrini wa Italy amene anakana kuchoka atathamangitsidwa. Amene anachita zoopsa kwambiri tsiku limenelo anali winga, Leonel Sánchez wa Chile, yemwe anathyola mphuno ya Humberto Maschio ndi chibakera, n'kugwetsanso Mario David ndi china, koma anamaliza masewero onse, David ndiye n'kudzachotsedwa atabwezera ndi teche la m'khosi. Izi zikutikumbutsa kuti mawinga sanali nkhosa zokhazokha. Jimmy Johnstone wa Celtic, amene anamenyedwa kwambiri ndi osewera a Racing Club ya ku Argentina pa mpikisano wa Intercontinental Cup mu 1967, anali mmodzi mwa anthu 6 amene anathamangitsidwa pa masewero achitatu ku Montevideo, atatopa n'kuyamba kubwezera. Woyimbira wa ku Santiago uja anali Ken Aston wa ku England, ndipo ndi yemweyo amene, ataona chisokonezo cha 1966 pamene Antonio Rattín wa Argentina anathamangitsidwa ndi woyimbira wa ku Germany amene sankamvana naye chilankhulo, anaganiza zobwereka mitundu ya magetsi a pamsewu kuti pakhale makhadi achikasu ndi ofiira. Makhadi anayamba kugwira ntchito ku Mexico mu 1970, ngakhale kuti lofiira loyamba pa Chikho cha Dziko Lonse linadikira mpaka 1974, pamene linaperekedwa kwa Carlos Caszely wa Chile. Ligi ya ku England inawalandira mu 1976, ndipo tsiku loyamba lomwelo awiri amene anaona lofiira anali mawinga, David Wagstaffe ndi George Best.

Pali mawu amene wokumbukira zakale aliyense amanena, akuti winga wathu sankagwa chisawawa ngati ana a masiku ano. Mawuwa ndi oona, koma chifukwa chake si chakuti anthu akale anabadwa ndi mitima ina. Kugwa kunalibe malipiro. Woyimbira sakanapereka khadi, mwina sakanaimba n'komwe, ndipo kugona pansi kunali kuuza difenda kuti mankhwala ake agwira, awonjezere. Chotero winga anaphunzira kudumpha mwendo ukubwera, kulandira teche thupi lili m'mwamba kuti phazi lisakhale lopondera pansi, ndi kupitiriza akudzandira. Chigoli cha George Best cha mu 1970 pa masewero a League Cup ndi Chelsea chimakumbukika pa chifukwa chimenechi: Ron Harris yemweyo anamulowa kuchokera m'mbali ndi mphamvu zake zonse, Best anapepesuka, miyendo n'kumwazikana, koma sanagwe, ndipo anazungulira goloboyi n'kugoletsa. Lero wosewera amene wakhudzidwa chotero akakhalabe chilili amakhala atataya penate kapena khadi la mdani wake, ndipo mphunzitsi wake amamufunsa chifukwa chake. Ine ndimaona kuti kudzudzula osewera amakono pa nkhani imeneyi osatchula malamulo amene amalipira kugwa n'kuweruza mlandu utamva mbali imodzi.

Winga wakale uja sanaphedwe ndi mateche, anaphedwa ndi bolodi la aphunzitsi. Brazil itapambana Chikho cha Dziko Lonse mu 1958 ndi osewera anayi kutsogolo, Garrincha ali kumanja, winga wa kumanzere Mário Zagallo anali atayamba kale kubwerera pakati kukathandiza, ndipo pofika 1962 kubwererako kunali ntchito yake yeniyeni. Mu 1966 mphunzitsi wa England, Alf Ramsey, anayesa mawinga m'masewero oyambirira, kenako anawasiya onse n'kutenga chikho ndi osewera apakati othamanga osatopa. Phunziro limene aphunzitsi anatolapo linali lakuti munthu woima pamzere kudikira mpira ndi katundu wodula. Pang'onopang'ono madifenda a m'mbali anayamba kukwera kukagwira ntchito yoponya mipira m'kati, ndipo winga anasamutsidwira kumbali yosemphana ndi phazi lake, wamanzere kumanja, wamanja kumanzere, kuti azilowa mkati n'kuwombera yekha. Arjen Robben anachita zimenezi kwa zaka zambiri ku Bayern Munich, aliyense akudziwa kumene akupita koma osamuletsa, ndipo Mohamed Salah amamwetsa zigoli zimene winga wa m'ma 1950 sakanazilota. Ndi akatswiri enieni, koma akalandira mpira amachoka pamzere kulowera pakati, kutalikira anthu okhala m'mbali. Chimene okalamba amasowa si luso, ndi kuyandikana kuja.

Malamulo nawo anasintha motsatizana pambuyo pa Chikho cha Dziko Lonse cha 1990, chimene chinali ndi zigoli zochepa ndi mateche ambiri. Kugwetsa dala munthu amene watsala yekha ndi golo kunakhala mlandu wa khadi lofiira, mu 1992 goloboyi analetsedwa kugwira ndi manja mpira umene mnzake wamubwezera ndi phazi, ndipo mu 1998 kulowa chakumbuyo moika mnzako pangozi kunakhala kothamangitsa. Marco van Basten, amene akakolo ake anaphwanyidwa ndi madifenda ndi maopaleshoni, anasewera komaliza mu 1993 ndipo analengeza zosiya mu 1995 ali ndi zaka 30, ndipo nkhani yake imatchulidwa kawirikawiri pofotokoza chifukwa chake kusinthaku kunafunika. Apa tiyenera kusamala ndi chiwerengero cha makhadi. Masewero a Portugal ndi Netherlands ku Nuremberg mu 2006 anatulutsa achikasu 16 ndi ofiira 4, ndipo Cristiano Ronaldo, amene nthawiyo anali winga weniweni, anatuluka akulira m'chigawo choyamba Khalid Boulahrouz atamuponda pantchafu. Wongowerenga manambala anganene kuti amenewa anali ankhanza kuposa a ku Old Trafford a dzina limodzi lija, pamene woonera makanema onse awiri sangavomere. Makhadi amayeza kuuma kwa lamulo, sayeza kuuma kwa teche.

Chimene nkhani za okumbukira zimadumpha kawirikawiri ndi mtengo wake. Garrincha, amene anabadwa ndi miyendo yokhota ndipo Brazil sinagonjepo iye ndi Pelé ali limodzi m'bwalo, anasewera zaka zake zomaliza ku Botafogo ndi bondo lowonongeka, akubayidwa jakisoni kuti alowe m'bwalo chifukwa anthu analipira kudzaona iye. Anamwalira mu January 1983 ali ndi zaka 49, mowa utamudya. Best anachoka ku Manchester United mu 1974 ali ndi zaka 27 zokha. Eddie Gray anavutika ndi kuvulala kwa ntchafu zaka zambiri, ndipo munthu waluso lotero anasewerera Scotland maulendo 12 okha. Sizonse zimene zinachokera ku mateche, koma mpira umene unkaona kutsimphina ngati umboni wa chamuna sunali ndi chizolowezi chofunsa wosewera ngati ali bwino. Ndipo amene timawakumbukira ndi amene anapulumuka kwa nthawi yokwanira kuti atchuke. Mnyamata waluso amene anathyoledwa mwendo ali ndi zaka 19, nthawi imene kuduka kwa mtsempha wa m'bondo kunali kutha kwa ntchito, alibe womusimba.

Mutu wa munthu nawo uli ndi tsankho lake. Akatswiri a za maganizo anapeza kale kuti anthu achikulire amakumbukira kwambiri zimene zinawachitikira pakati pa zaka pafupifupi 10 ndi 30, ndipo zaka zimenezi ndi zomwe munthu amasankha timu, kupita kubwalo koyamba ndi kupeza ngwazi yake. N'chifukwa chake m'badwo uliwonse umakhulupirira kuti mpira weniweni unatha iwo atangokula, ndipo amene lero akunyoza mpira wamakono ankanyozedwanso ndi makolo awo. Kuwonjezera apo, masewero ambiri akale sanajambulidwe, ndipo amene anajambulidwa timawaona m'zidutswa zosankhidwa bwino. Palibe amene anasunga masana amene winga wokondedwayo anazizidwa pamzere osakhudza mpira, kapena pamene anaponya mipira isanu kuseri kwa golo. Njomba imodzi yabwino, ikasimbidwa zaka 40, difenda mmodzi amasanduka atatu.

Chitsanzo chachikulu cha tsankho limeneli ndi fainolo ya FA Cup ya pa 2 May 1953, imene mpaka lero imatchedwa ndi dzina la Stanley Matthews. Matthews anali woyenera ulemu wonse: anasewera mu ligi yaikulu mpaka zaka 50, sanachenjezedwepo ndi woyimbira ngakhale anakhala akumenyedwa moyo wake wonse, ndipo ndiye anayamba kulandira Ballon d'Or mu 1956. Tsiku limenelo anali ndi zaka 38, atagonja kale m'mafainolo awiri, ndipo dziko lonse la England linkafuna kuti apambane. Timu yake ya Blackpool inali kumbuyo 3-1 kwa Bolton Wanderers, kenako Matthews anayamba kudutsa kumanja mobwerezabwereza, ndipo m'mphindi zomaliza anapatsira Bill Perry mpira umene unabweretsa 4-3. Zonsezi zinachitikadi. Komanso n'zoona kuti Stan Mortensen anamwetsa zigoli zitatu mwa zinayizo, chachitatu ndi firikiki yamphamvu imene Matthews sanaikhudze, ndipo fainoloyo sinatchedwe dzina lake. N'zoonanso kuti mbali imene Matthews ankadutsayo inali yobooka, chifukwa Eric Bell wa Bolton, amene anayenera kuthandiza kumutchinga, anang'ambika mnofu wa kuseri kwa ntchafu m'chigawo choyamba, ndipo popeza kunalibe womulowa m'malo anakankhidwira pa winga kuti azingotsimphina kumeneko. Ali chomwecho, Bell anadzikoka mpaka m'dera la penate, anadumpha ndi mwendo umodzi wabwinowo n'kumenya ndi mutu chigoli chachitatu cha Bolton, chimene kwa mphindi zingapo chinaoneka ngati chapereka chikho.